Ernesto ndi Kanema wa Mayi Woumba Mbiya

Ernesto anabadwira tsidya la nyanja, ku Cobue, koma wakhalitsa pachilumba, m'mudzi wa Khuyu, moti ana ambiri amangoti ndi wa pomwepo. Anawoloka ali mnyamata, pa bwato la amalume ake amene ankagulitsa nkhuni ndi nsungwi, zaka zimene kwawoko kunali nkhondo. Nkhondo itatha amalumewo anabwerera. Iye anatsala, chifukwa maso ake anali atagwera pa Agnes.

Agnes anali mwana wa pa Khuyu, wa mpingo waung'ono umene umasonkhana m'katchalitchi ka malata kuseri kwa mitengo ya malambe. Makolo ake sanamufune Ernesto. Ankati munthu wa tsidya alibe munda, alibe manda, tsiku lina adzangokwera bwato n'kusowa. Amene anamulankhulira anali Bartholomew, mlongo wake wa Agnes. Anauza makolowo kuti mnyamatayo wagwira naye ntchito pamadzi ndipo sanamuonepo akuba kapena kunama. Ukwati unachitika, nkhoswe anali Bartholomew yemweyo, ndipo kuchokera pamenepo iye ndi Ernesto ankakokera limodzi khoka la chilimira, kupemphera pa benchi imodzi, kukangana ndi kugwirizananso ngati ana a bere limodzi. Ernesto ndi Agnes anabereka mwana mmodzi yekha, Marian.

Usodzi wa Ernesto unatha pamene injini ya boti inamuphwanya dzanja lamanja. Atachira anamanga chisakasa cha bango kuseri kwa msika wa pa Chipyela, n'kuchikuta ndi mapepala akuda a pulasitiki, n'kuikamo mabenchi ndi kanema. Zisakasa zotere zinalipo kale, koma Ernesto anali ndi chimene anzake analibe. Amalonda a tsidya ankamubweretsera mafilimu olankhula Chipwitikizi, chiyankhulo chimene iye anaphunzira ali mwana. Ankaima pambali pa kanemayo, maikolofoni kudzanja lamanzere, n'kumamasulira. Sankatsata mawu ndi mawu. Mkulu wa asilikali wokwera pa kavalo ankalankhula ngati wogula usipa wa ku Nkhata Bay, mfumukazi inkakalipa ngati mayi amene mbuzi za eni zamudyera chinangwa. Anthu ankaseka mpaka kugwa pa mabenchi. Ena ankabwera kudzamva Ernesto, osati kudzaona zithunzi.

Agnes anadwala m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Matendawo sanatenge nthawi. Chimene Ernesto sankatha kuiwala n'choti mkazi wake ankangodandaula kuzizira. Anamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba, anabwerekanso kwa anansi, koma iye ankanjenjemerabe, mano akugundana, mpaka anamwalira akunena zomwezo.

Maliro atatha Ernesto anapitirizabe kupita kutchalitchi, koma linkapita ndi thupi lokha. Anthu akatseka maso iye ankayang'ana malata. Ankangoganiza za Agnes ali pansi pa dothi, wopanda bulangete.

Filimu ija inabwera chaka chotsatira. Inali yaitali kwambiri, ya nkhondo za dziko losakhalako, ya mizinda yosemedwa m'mapiri ndi zilombo zouluka. Mfumu ya dzikolo inkalanda anthu zithunzithunzi zawo n'kuzitsekera m'mitsuko yachitsulo, ndipo munthu wolandidwa chithunzithunzi ankaiwala mayi wake, mkazi wake ndi ana ake, n'kukhala kapolo. Amene analimbana ndi mfumuyo sanali msilikali koma mayi woumba mbiya. Mayiyu akapeza munthu wolandidwa ankang'amba kachidutswa ka chithunzithunzi chake n'kumupatsa, munthuyo n'kukumbukira kwawo. Anagawa choncho mpaka chake chinatha, ndipo anafa. Pamapeto anthu onse amene anawathandiza anazungulira manda ake dzuwa likutuluka, zithunzithunzi zawo zinakumana pakati, mayiyo n'kudzuka. Munalinso nkhalamba za ndodo zazitali zimene zinkayimba mawu achilendo pa mbale ya madzi, ndi chinthu cha nyanga chimene chinkalondera mitsuko ija.

Ernesto anayamba waionera yekha m'mawa, monga ankachitira ndi filimu iliyonse yatsopano, kuti akonzekere zonena. Chapakati, mayi woumba uja anatsikira ku dziko la akufa. Ernesto ankayembekeza moto kapena mdima. Koma kunali munda waukulu wowala, akufa atakhala m'magulu akupuntha mapira, akucheza. Mayi wina anadzuka, n'kumugwira woumbayo dzanja, n'kunena kuti: "Ukauze amuna anga asadandaule. Kuno sikuzizira."

Ernesto anaimitsa kanemayo. Anagwada pakati pa mabenchi, pa dothi lodzaza ndi makoko a mtedza, n'kupemphera kwa Mulungu koyamba chimwalirire Agnes.

Zimenezi Ernesto anauzako munthu mmodzi yekha. Tsiku lomwelo madzulo akubwerera ku Khuyu anakumana ndi Bartholomew panjira, ndipo anayenda limodzi.

"Alamu, musandimve molakwa," anatero Ernesto. "Pa maliro paja abusa analalikira bwino, anthu onse anatero. Koma ine sindinamve kanthu. Makutu anali otseka. Lero ndi pamene atseguka, ndipo amene wawatsegula ndi mayi wa mu kanema. Ndagwada, alamu. Ndapemphera."

Anamufotokozera za munda wa mapira ndi mawu aja. Bartholomew anaima panjira, anakhala pa mwala, n'kulira mosabisa.

Loweruka lotsatira Bartholomew anabwera kudzaonera, ndipo anakhala pa benchi ya kutsogolo. Anabweranso Loweruka lina, ndi linanso. Filimuyo inatchuka pachilumba chonse. Anthu ankayenda kuchokera ku Yofu kudzafunsa kuti "ya Mayi Woumba" ionetsedwa liti. Ernesto akafika pa munda wa mapira paja sankachita nthabwala. Ankatsitsa mawu, ndipo m'chisakasa monse munkangoti zii.

Pobwerera kunyumba awiriwa ankakangana, koma kukangana kokoma. Bartholomew anali mkulu wa mpingo, ndipo mafunso ake sanali opepuka.

"Mufilimu yonseyi dzina la Ambuye silikutchulidwa ngakhale kamodzi," ankatero. "Tsono amene akudzutsa akufayo ndani? Mphamvu zilipo ziwiri zokha, alamu. Ikapanda kukhala iyi ndiye kuti ndi inayo."

"Nanga Ambuye akamaphiphiritsa za wofesa mbewu kapena za mayi wotaya ndalama, ankatchula dzina lawo? Munthu wogawa moyo wake mpaka kutha, kenako n'kudzuka, inu simukumudziwa?"

"Ndikumudziwa. Koma sanali mkazi, ndipo sanadzutsidwe ndi anthu. Apa akutiuza kuti anthu ndi amene amapulumutsa mpulumutsi wawo. Nanga nkhalamba zija za ndodo? Si asing'anga amenewo?"

"Mneneri amene anagawa nyanja uja anagwira chiyani m'manja? Supuni?"

Bartholomew ankaseka n'kunena kuti Loweruka adzamugwira pena. Sankagonja, ndipo Ernesto ankamukondera zomwezo.

Kenako kumpingo kwawo kunabwera abusa atsopano, a Nickson, ochokera kumtunda. Anali munthu wachinyamata, wakhama, woyendera odwala ngakhale kukugwa mvula. Kumene anachokera anaona mabanja akupasuka chifukwa cha zaufiti ndi mantha, choncho pa nkhani zotere sankaseka.

Lamulungu lina, nyimbo ili mkati, mayi wachitsikana dzina lake Natasha, amene anali woyembekezera, anagwa pansi n'kuyamba kukuwa kuti chithunzithunzi chake chikuchoka, wina akuchikoka. Anamunyamula kupita naye kuchipatala, kumene anapeza kuti magazi ake ndi ochepa ndiponso ali ndi malungo. Koma mawu anali atamveka kale. Abusa anafunsa kuti zoterezi wazitenga kuti, ndipo anthu anawauza za filimu ya Ernesto. Loweruka anapita okha ku Chipyela, n'kuima pakhomo la chisakasa. Anafika pamene nkhalamba zinkayimba pa mbale ya madzi, chinthu cha nyanga chikutuluka mu utsi. Sanadikire zina. Mawa lake analengeza kuti akulu a mpingo akhale pansi ndi Ernesto sabata yotsatira.

Tsiku loti mawa akumana, Bartholomew anafika kunyumba kwa Ernesto. Marian anamupatsa mpando pakhonde.

"Mawa musalankhule zambiri," Bartholomew anauza Ernesto. "Inu mukapsa mtima Chipwitikizi chimakutulukani, anthu n'kumati mukutemberera. Ndisiyireni ine. Abusawa ndi mwana, ndiwafotokozera bwinobwino."

"Mukawauze kuti aionere yonse. Asaweruze mphika poona khosi lokha."

"Ndikawauza. Gonani tulo."

Anakumana Lamulungu masana mapemphero atatha, m'tchalitchi momwemo. Anthu sanapite kwawo, anaunjikana m'mawindo. Abusa anayamba ndi pemphero, kenako ananena zimene anaona ndi maso awo. Anati sakudana ndi munthu wofuna kudyetsa banja lake, koma nkhosa zikayamba kugwa m'busa ayenera kufunsa chimene zadya. Atatero sanatembenukire kwa Ernesto. Anayang'ana Bartholomew.

"A Bartholomew, tisanapitirire. Pamene ndinaima pakhomo paja ndinaona mutu wa munthu pa benchi ya kutsogolo. Ndipo ndamva kuti sikanali koyamba. Inu ndinu mkulu wa mpingo. Mumakafunako chiyani?"

Bartholomew anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana akulu anzake, anayang'ana m'mawindo. Ernesto anamuona akupukuta manja pa buluku.

"Abusa, ndinkapitako, n'zoona," anatero. "Ndinkapita ngati mlonda. Ndinkafuna ndione kuti mlamu wangayu wafika pati, chifukwa anandiuza mawu amene anandisowetsa tulo. Anati ulaliki wa pa maliro a mlongo wanga sunamuthandize kanthu. Anati amene anamutsegula makutu ndi mayi wa mu kanema. Ndipo anandiuza ndi pakamwa pake kuti anagwada pamaso pa kanemayo n'kupemphera."

M'mawindo munamveka kung'ung'udza. Bartholomew akanatha kulekera pomwepo, koma mawu anali atamutenga.

"Ndayesa kumubweza. Loweruka lililonse ndakhala ndikumutsutsa panjira, afunseni anthu amene ankatipitirira. Koma mukudziwa, abale athu a tsidyawa ali ndi zawo zimene anabwera nazo. Munthu ungakhale naye zaka zambiri osamudziwa."

Ernesto sanamve mkwiyo nthawi imeneyo. Ankangoyang'ana pakamwa pa mlamu wake, kudabwa kuti mawu onsewo ndi akedi, palibe limene lawonjezedwa, koma atuluka ngati nsomba yoti yagona padzuwa.

Abusa anamufunsa mofatsa. "Bambo Ernesto, munagwada?"

"Ndinagwada."

"Kanema ali patsogolo panu?"

"Anali patsogolo panga. Koma ine ndinkapemphera kwa..."

"Munanena kuti ulaliki sunakuthandizeni?"

"Ndinanena."

Ernesto anafuna kufotokoza za mabulangete, za mano ogundana, za munda wa mapira. Koma kunena zimenezo kunali kumuvula Agnes pamaso pa anthu a m'mawindo, ndipo munthu amene ankayenera kumunenera anali atakhala pansi, maso ali pa nsapato. Akulu a mpingo anamudula Ernesto ku mgonero mpaka atalapa poyera kuti anagwadira chifanizo, ndipo analetsa Akhristu onse a mpingowo kulowa m'chisakasa chake.

Nkhani inayenda msanga kuposa munthu wapansi. Ikufika ku Chipyela inali itakula: ankati Ernesto amasunga zithunzithunzi za anthu m'bokosi la kanema, ndipo dzanja lija silinaphwanyidwe ndi injini koma analipereka. Ngakhale anthu a mipingo ina analetsa ana awo. Akamadutsa pamsika masana, ana ankalumpha kuthawa kuti chithunzithunzi chake chisakhudze chawo, ena mwamasewera, ena mwamantha enieni. Tsiku lina anapeza pulasitiki ya chisakasa itang'ambidwa ndi mpeni mbali yonse. Amene anapitiriza kubwera anali aphunzitsi angapo ndi ogwira ntchito za boma ochokera kumtunda, amene nkhani za pa Khuyu sizinkawakhudza.

Marian anali wa kwaya. Palibe anamuchotsa, koma anasiya yekha. Tsiku lina anauza bambo ake kuti akupita kwa amalume ake kukawafunsa maso ndi maso.

"Usapite," anatero Ernesto. "Ndi amalume ako. Tsiku lina udzawafuna."

"Inu simukuwafuna?"

"Ine ndinawafuna kale."

Patapita miyezi kunagwa maliro ku Yofu, a nkhalamba ina imene Ernesto anaphera nayo nsomba kale. Maliro saletsa munthu, choncho anapita, n'kukhala kumbuyo pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amuna ena. Abusa anali atapita kumtunda, ndiye wolalikira anali Bartholomew.

Anayamba monga mwa masiku onse. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti ali ndi umboni umene sanauuzepo munthu. Anati Mulungu anamuonetsa loto. Anaona munda waukulu wowala, oyera mtima atakhala m'magulu akupuntha mapira, akucheza. Pakati pawo panadzuka mlongo wake Agnes, amene ambiri ankadziwa kuti anamwalira akunjenjemera. Agnes anamugwira dzanja n'kunena kuti: "Achimwene, mukawauze asadandaule. Kuno sikuzizira."

Azimayi analira mokweza. Wina anayambitsa nyimbo. Mkazi wa malemuyo anakweza manja kumwamba. Ernesto anayang'ana amuna amene anakhala nawo. Ambiri mwa iwo anakhalapo pa mabenchi ake, mawuwo anawamva kuchokera pakamwa pake, kangapo konse. Mmodzi ankatokosa pansi ndi kamtengo. Wina anakumana naye maso n'kuyang'ana kumbali. Nyimbo itakula nawonso anayamba kuyimba.

Atachoka kumanda Ernesto anadikira panjira yopita ku Khuyu, pamene imapyola m'minda ya chinangwa. Bartholomew anabwera ndi anthu awiri. Atamuona anawauza kuti atsogole.

"Munalota liti?" anafunsa Ernesto.

"Alamu, ndinalotadi. Mulungu ndi mboni. Nditaonera filimu ija ndinalota, ndipo nkhope inali ya Agnes."

"Ndiye ikalowa m'mutu mwanu ndi ya Mulungu. Ikalowa mwa ine ndi ya Satana."

"Simukumvetsa. Tsiku lija abusa anandipanikiza pamaso pa anthu. Mumafuna atidule tonse awiri? Akanatsala ndani mkati woti adzakubwezeni?"

"Mwandibweza?"

Bartholomew anayang'ana kumene anthu awiri aja analowera.

"Benchi ija mukanaikana, sindikanadandaula," anatero Ernesto. "Munthu amaopa. Mukanati simunaionere n'komwe, ine ndikanavomera kuti sindinakuoneni. Koma ine ndinakupatsani chinthu chimodzi chimene ndinali nacho. Munachitenga n'kundimenya nacho, lero mwachitsuka mukugawira anthu. Mwamuikamonso Agnes."

Nkhope ya Bartholomew inauma. "Agnes anali mlongo wanga asanakhale mkazi wanu. Ndipo mwaona nokha, anthu atonthozedwa. Mayi uja wakweza manja. Kodi n'zoipa zimenezo?"

"Si zoipa. Ndi zomwe ndinkakuuzani panjira pano."

Ernesto anapatuka n'kumusiya adutse.

Kuchokera tsiku limenelo Ernesto sanagwirenso maikolofoni. Filimu ya Mayi Woumba anaibweza kwa wamalonda amene anabwera nayo. Anasoka pulasitiki ija, n'kuyamba kuonetsa mpira wokha, umene sufuna womasulira. Anthu anabwerera pang'onopang'ono, ngakhale a mpingo uja, chifukwa chiletso chinaiwalika chokha mpira wa kunja utafika pokoma. Iye amakhala pakhomo, kulandira anthu, osayang'ana n'komwe zimene zikuonetsedwa. Anyamata akamupempha kuti awaseketse ngati kale amangoti mawu anatha.

Natasha anabereka bwino. Anabwera ndi mwana kumsana kudzapepesa, akuti sakumbukira chimene anakuwa tsiku lija. Ernesto anamuuza kuti alibe naye mlandu, n'kumugulira mwanayo sopo.

Marian atapeza mwamuna, mphunzitsi wina dzina lake Jeremy, panafunika nkhoswe ya kuchikazi. Mwambo unaloza kwa amalume ake. Marian anakana, koma bambo ake anamuuza kuti ukwati wake usamangidwe pa mkangano wa anthu ena. Choncho Bartholomew anayendetsa zonse, ndipo anaziyendetsa bwino. Pa chinkhoswe iye ndi Ernesto anakhala moyandikana, anapatsana moni wonse woyenera, anadyera m'mbale imodzi. Alendo ochokera kwa mwamuna anayamikira kuti banja ili ndi logwirizana. Marian anapita ndi mwamuna wake kumtunda, ndipo amaimba foni kawirikawiri kuwauza bambo ake kuti asamuke akakhale nawo. Ernesto amati aganiza.

Abusa a Nickson asanasamutsidwe anabwera okha ku Khuyu kudzamuona. Anati mtima wawo suli pamtendere kuchoka atasiya munthu kunja, ndipo pangofunika mawu ochepa pamaso pa mpingo, kuti anagwadira chifanizo ndipo walapa. Ernesto anawathokoza chifukwa chobwera. Anati angalape zambiri, ali nazo, koma tsiku limene anagwada lija ndi limene anabwerera kwa Mulungu, ndipo sangaimirire m'nyumba ya Mulungu n'kunena kuti linali tchimo. Abusawo anapemphera naye n'kunyamuka.

Chaka chatha kunabwera abusa ena, achikulire, amene nkhaniyi anaipeza itazirala. Anamva mbali zake kwa anthu osiyanasiyana ndipo inawavuta. Anapita ku Chipyela m'mawa, mpira usanayambe, n'kumupeza Ernesto akusesa pakati pa mabenchi. Anamuuza kuti akufuna kuitsegulanso nkhaniyo, ndipo sadzamuumiriza kunena zimene sakhulupirira. Chofunika ndi munthu mmodzi wa mumpingo, womudziwa bwino, woti aimirire n'kumuchitira umboni.

"Ndani amakudziwani bwino, bambo Ernesto? Tchulani dzina, ine ndikalankhula naye."

Ernesto anatsamira tsache lake n'kuganiza, ngati kuti akufufuzadi.

"Alipo mmodzi, abusa," anatero. "Koma analankhula kale."